Atseka makina osindikiza, nanga kiyi asunga ndani?

Kampani ya Jagex ya ku Cambridge, ku England, inalengeza kuti pa 19 Januwale 2026 idzachotsa Treasure Hunter mu gemu yake ya RuneScape, ndipo osewera m'mayiko ambiri anaomba m'manja. Ine sindiomba nawo. Chiganizocho n'chabwino, ngakhale chachedwa ndi zaka zoposa khumi. Koma ine ndinakulira ku Kambuzuma, ku Harare, ndipo munthu wa kwathu akamva wosindikiza ndalama akulumbira kuti wasiya, sathamangira nthungululu. Amayamba wafunsa kuti makinawo apita kuti, ndipo kiyi wake asunga ndani.

Kwa inu amene simunaionepo, RuneScape ndi gemu ya pa intaneti imene anayambitsa Andrew Gower ndi m'bale wake Paul mu Januwale 2001. Ndi dziko lopeka lotchedwa Gielinor, lokhala ndi mizinda, nkhalango, migodi ndi msika, ndipo anthu zikwizikwi amalowamo nthawi imodzi, aliyense ndi kamunthu kake. Kamunthuko kamadula mitengo, kuwedza nsomba, kukumba miyala, kuphika, kusula zida ndi kumenyana ndi zilombo. Ntchito iliyonse imabweretsa mapointi, ndipo mapointi akachuluka luso limakwera. Mulingo umene aliyense ankaulakalaka ndi 99, ndipo kuti ufikepo pamafunika mapointi 13,034,431. Chipika chimodzi cha msondodzi chimapatsa mapointi 67.5. Werengerani nokha: ndi zipika zoposa 190,000. Choncho ukakumana ndi munthu wa 99, unkadziwa kuti ameneyu wakhala pansi miyezi yambiri. Gemu yonse inamangidwa pa mgwirizano umodzi wokha, wakuti nambala imene ili pa dzina lako imanena zoona za thukuta lako.

Ndinayamba kusewera mu 2007 ndili Fomu 3. Kuseri kwa golosale ina ku mashopu a kwathu kunali kachipinda ka makompyuta anayi okalamba, ndipo gemuyi inali yopepuka moti ngakhale makina amenewo ankaikwanitsa, magetsi akakhalapo. Mwini malowo ankalemba mtengo wa ola limodzi ndi choko pa kabolodi. Pofika 2008 ankafufuta kabolodiko kawiri pa tsiku. Ndinkapita m'mawa ndi ndalama yokwana ola lathunthu, ndikachedwa pamzere n'kupeza kuti ikukwana theka. Koma ndikalowa mkati, n'kuima m'mbali mwa madzi ku Draynor ndi nkhwangwa yanga, chipika cha msondodzi chinkapatsa mapointi omwe aja a dzulo. Nkhuni zanga ndikapita nazo ku msika wa Grand Exchange ku Varrock, mtengo unkasuntha pang'onopang'ono, ngati wa tomato m'dziko la mtendere. Ndikhoza kuchita manyazi ponena izi, koma ndi zoona: chaka chimenecho malo okhawo amene ndinaona ntchito ya lero ikusunga mtengo wake mpaka mawa anali dziko lopeka.

Kunja kwa kachipindako zinthu zinali motere. Mu Ogasiti 2006 anachotsa maziro atatu pa dola ya Zimbabwe. Mu Ogasiti 2008 anachotsa khumi. Mu Febuluwale 2009 anachotsa khumi ndi awiri. Boma lenilenilo linanena kuti mu Julayi 2008 mitengo inali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pa chaka, ndipo mu Januwale 2009 kunatuluka pepala limodzi lolembedwa madola 100 thililiyoni. Bambo anga anali atalipira inshuwalansi ya ukalamba ku kampani ina kwa zaka zoposa makumi awiri, mwezi ndi mwezi osadumpha. Tsiku lolandira litafika, ndalamayo sinakwane kukwera kombi kupita kukaitenga m'tauni n'kubwerera. Palibe amene anawathyolera nyumba. Zaka zawo zinangosungunuka chifukwa wina kwinakwake anali ndi makina opanga nambala zopanda ntchito kumbuyo kwake.

N'chifukwa chake Treasure Hunter sindinafunike kuifotokozeredwa. Inayamba ndi dzina lina. Mu Febuluwale 2012 Jagex inaika gudumu la mwayi lotchedwa Squeal of Fortune, ndipo patangopita mwezi umodzi ndi masiku ochepa anayamba kugulitsa mwayi wolizungulitsa. Mu Febuluwale 2014 gudumu linasanduka mabokosi. Unkagula makiyi ndi ndalama zenizeni, n'kutsegula bokosi osadziwa chili mkati, ndipo kawirikawiri unkapezamo nyali kapena nyenyezi zimene zinkakuwonjezera mapointi. Zipika 190,000 zija munthu wa khadi la ku banki ankatha kuzidumpha atakhala pa sofa. Kumeneko ndiye kusindikiza. Nambala ikuoneka yomweyo, 99 ndi 99, koma yasiya kunena kanthu.

Ndikudziwa zimene ambiri a inu mukuganiza, chifukwa amayi anga anandiuza kalekale: munthu wamkulu, wa madigiri awiri, n'kumakwiya ndi masewera a ana? Ndiyankhe ndi bawo. Agogo anga aamuna anachokera ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya, nagwira ntchito ya njanji, nakhala ku Rugare asanasamukire ku Kambuzuma. Atapuma ntchito ankaswera pa bawo pansi pa mtengo wa mango ndi madoda anzawo a ku Nyasalande. Sankabetcha ngakhale senti. Koma tsiku lina mdala wina atagwidwa akuponya njere yobisa m'dzenje lake, anamusala mwezi wathunthu, ndipo mpaka imfa yake akapambana anthu ankangoyang'anana. Njere ya bawo ilibe mtengo ku msika. Mtengo wake uli m'pangano la anthu amene akhala mozungulira. Ndalama nayo ndi pepala, digiri yanga ndi pepala. Amene amati masewera alibe kanthu sanaonepo nkhope ya munthu amene wazindikira kuti mnzake wakhala akuba njere chaka chonse.

Ena amati palibe amene amakakamizidwa kugula makiyi. Ngati sufuna, dula mitengo yako mwakachetechete. Mawu amenewa angatuluke m'kamwa mwa munthu amene sanakhalepo m'dziko la ndalama yosungunuka. Bambo anga sanasindikize pepala ngakhale limodzi, koma ndiwo analipira. Kusindikiza kumaluma amene sakusindikiza. Ndipo ngakhale ogulawo, ufulu wawo ndi wotani? Bokosi losadziwika za mkati ndi juga yovala malaya ena. Dziko la Belgium linaona choncho mu 2018, n'kuika mabokosi ogulidwa a mtundu umenewu pansi pa malamulo a juga. Mu 2019 komiti ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain yoona za masewera a makompyuta inalemba za wosewera RuneScape wina amene akuti analowa m'ngongole zoposa mapaundi 50,000. Jagex inauza komitiyo kuti munthu akhoza kugula mpaka mapaundi 1,000 pa sabata kapena 5,000 pa mwezi. Mpanda umene umalola mbuzi kudya munda wonse isanaukhudze, tiutche mpanda?

Chotsutsa chachitatu n'cholemera, ndipo sindichinyoza. Kampani iyenera kulipira antchito ake. Ku komiti yomweyo Jagex inanena kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zake linkachokera ku tizinthu togulagula ta mkati mwa gemu. Kusiya ndalama zotere n'kudzicheka chala, ndipo Jon Bellamy, amene anakhala mkulu wa kampaniyi mu 2025, ndi woyamba kuvomera kugwira mpeni. Ndikumupatsa ulemu wake. Koma tisanamize ana kuti ndi chisoni chimene chawagwira mtima. Chimene chawagwira ndi masamu, ndipo masamuwo ali m'nyumba mwawo momwe.

Nkhani yake ndi iyi. Kumapeto kwa 2007 kampaniyi, polimbana ndi ogulitsa golide wa m'gemu mobisa, inatseka malonda aufulu pakati pa osewera ndi nkhondo za m'chipululu cha Wilderness. Anthu ambiri anachoka. Mu 2011 inafunsa osewera, mavoti oposa miliyoni imodzi anaponyedwa, 91 pa 100 aliwonse anati bwezani, ndipo anabweza. Mu Novembala 2012 inasinthanso kamenyedwe konse ka nkhondo, zimene anazitcha Evolution of Combat, osewera akukana poyera. Anachokanso. Pamenepo wina anafukula kope la gemu monga inalili mu Ogasiti 2007, anthu pafupifupi 450,000 anavota kuti litsegulidwe, ndipo pa 22 Febuluwale 2013 panabadwa Old School RuneScape. Gemu yachikaleyi, ya zithunzi zooneka ngati zosema ndi chikwanje, lero ili ndi osewera ochuluka kangapo kuposa mkulu wake wopakidwa utoto wamakono. Mulibe makiyi, mulibe nyali zogula.

Ambiri amati chinsinsi cha Old School ndi kulakalaka zakale. Ine ndikukana. Kulakalaka zakale kumakubweza kumudzi pa Khirisimasi, sikukukhazika kumeneko zaka khumi ndi ziwiri. Ndiponso gemuyo sinaime mu 2007. Yawonjezera madera, zilombo ndi maluso amene kale kunalibe. Chimene chinaisunga ndi lamulo limodzi: chatsopano chachikulu chisanalowe, osewera amavota, ndipo chikapanda kupeza mavoti 75 pa 100 aliwonse, chiwerengero chimene anachitsitsa kufika pa 70 mu 2022, sichilowa. Anthu anabwerera chifukwa anapatsidwa chitsimikizo chakuti chimene akumanga lero sadzachipeza chitagwetsedwa mawa ndi munthu wa mu ofesi. Anapatsidwa mbali ya kiyi.

Tsopano taonani chimene RuneScape yaikulu yapatsidwa. Kumapeto kwa Okutobala 2025 kampani inati: mukatipatsa mavoti 100,000, tichotsa Treasure Hunter. Mavotiwo anakwana m'masiku ochepa. Funso anasankha okha, chiwerengero anaika okha, tsiku anatchula okha, ndipo yankho ankalidziwa kuyambira 2012, chifukwa osewera akhala akulikuwa chaka chilichonse. Mu Seputembala 2023 analikuwa mpaka kampani inabweza njira ina yogulitsira yotchedwa Hero Pass. Voti imene mwini nyumba amaitanitsa tsiku limene wakomedwa ndi mphatso chabe, ndipo wopatsa mphatso amatha kusintha maganizo. Alonjeza kuti chaka cha 2026, pamene gemuyi ikukwanitsa zaka 25, chikhala chokonza zambiri: maonekedwe, kamenyedwe ka nkhondo, ndi tintchito ta tsiku ndi tsiku timene tinasandutsa kusewera kukhala ngati kusaina m'kaundula wa ku ntchito. Zonsezi n'zofunika. Koma chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Pa zonse zimene alonjeza, chimene ndikuchifuna ndi chingwe chomanga manja a kampani yeniyeniyo.

Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho mawu amandivutitsa. Mawu a Chingerezi amene Jagex yapachika pa ndondomeko imeneyi ndi integrity. M'Chichewa ndikhoza kunena kuti kukhulupirika, kapena ungwiro, kapena kusakhala ndi mtima wapawiri. Koma ku Old School mawu omwewo ali ndi ntchito ina: ndi dzina la zosintha zimene kampani imachita popanda voti, ponena kuti ikuteteza thanzi la gemu. Nthawi zina imakhala ikunena zoona. Komabe womasulira aliyense amadziwa kuopsa kwa mawu amene tanthauzo lake limasungidwa ndi mbali imodzi yokha ya mgwirizano.

Ndipo mbali imeneyo nkhope yake imasinthasintha. Jagex inagulidwa ndi kampani ya ku China mu 2016, inagulitsidwa kwa Macarthur Fortune Holding mu 2020, kwa Carlyle mu 2021, ndipo mu 2024 kwa CVC Capital Partners ndi Haveli Investments pa mtengo umene manyuzipepala anati ndi pafupifupi mapaundi 900 miliyoni. Eni anayi m'zaka zisanu ndi zitatu. Awa ndi anthu amene ntchito yawo ndi kugula makampani kuti adzawagulitse mokwera, monga wogula ng'ombe yowonda kuti ainenepetse. Lonjezo la mkulu wa lero limumanga bwanji mwini wa mawa? Ife tinamvapo malonjezo otere. Mu Novembala 2016 tinauzidwa kuti pepala la bond note ndi lofanana ndi dola ya ku America, imodzi kwa imodzi. Pofika Febuluwale 2019 lonjezolo linali litafa. Mu Epulo 2024 kunabwera ZiG, ndalama yatsopano yotsamira pa golide, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho inagwetsedwa ndi maperesenti oposa 40. Pitani ku mashopu a ku Kambuzuma lero mukaone ndalama imene mayi wogulitsa masamba amaipinda pa nsonga ya chitenje. Chikhulupiriro chikathyoka, dzina latsopano silichilumikiza.

Funso langa lomaliza ndi limene osewera a ku London ndi ku Texas salifunsa kawirikawiri: gawo limodzi mwa atatu lija likachoka, adzalitenga kwa yani? Njira yapafupi ndi kukweza ndalama ya umembala, imene mu 2024 inafika pafupifupi madola 14 a ku America pa mwezi. Mu Januwale 2025 kampaniyi inafunsa osewera ena maganizo awo pa mitengo yokwererapo, ndi pa umembala wotsika mtengo wokhala ndi zotsatsa malonda, ndipo mkwiyo utabuka inapepesa. Kwathu madola 14 ndi buledi wa masabata awiri, osawerengera bandulo ya intaneti ndi khadi loti n'kulipirira kunja. Ngakhale ku Old School kumene ndikukutamandaku, amavota ndi mamembala okha, ndipo mtengo wa pakhomo sunayambe waponyedwapo voti.

Osauka alimo m'dziko limeneli, ngakhale sawerengedwa. Chuma cha Venezuela chitagwa, anthu ambiri kumeneko ankapha zinjoka zobiriwira mu Old School tsiku lonse, n'kugulitsa golide wakeyo mobisa kuti agule chakudya, chifukwa golide wopeka anali wolimba kuposa ndalama ya dziko lawo. Ndi zoletsedwa ndi malamulo a gemu, inde. Koma osewera ena ankalemberana malangizo a mmene angawasakire ndi kuwapha ngati nyama. Nditawerenga zimenezo ndinadziona ndekha wa mu 2008. Ndinakumbukiranso kuti ife adzukulu a anthu a ku Nyasalande, amene anzathu ankatitcha mabhurandaya, timadziwa tanthauzo la kumanga nawo mzinda koma osawerengedwa tsiku la chisankho. Ambiri a ife tinali ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo, ngakhale obadwira momwemo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira ana obadwira m'Zimbabwe a makolo ochokera m'mayiko a SADC. Sindikuyerekeza kukula kwa mabala awiriwa. La gemu ndi kachilonda chabe. Ndikungonena kuti diso limene linaphunzira kuona mzere wa owerengedwa ndi osawerengedwa limauona paliponse.

Pali khomo limodzi limene wosauka amalowera, ndipo pano ndisiyana ndi anzanga ofuna kuti chilichonse chogulidwa chichoke. Kuyambira 2013 kampani imagulitsa chinthu chotchedwa bond. Dzinalo limatiseketsa ife a ku Zimbabwe, koma kagwiridwe kake n'kosiyana. Wa ndalama amagula bond, n'kuigulitsa pa msika wa m'gemu kwa wosewera amene wasonkhanitsa golide ndi manja ake, ndipo uyu amapeza nayo umembala wa masiku 14. Palibe golide watsopano amene wapangidwa. Wina wagwira ntchito, wina walipira. Ndi ganyu, ndipo ganyu sakoma, koma si kusindikiza. Mwana wa mchemwali wanga, amene amasewera Old School pa foni, sanalipirepo senti. Amadzigulira masiku ake ndi nsomba ndi miyala. Nditamuuza za mavoti 100,000 aja, anandiyankha m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona: "Amalume, bola asakweze bond. Zinazo n'za anthu a makhadi."

Choncho zimene ndikufuna ndi zitatu, ndipo si zakumwamba. Choyamba, RuneScape yaikulu ipatsidwe voti yokhazikika monga ya mng'ono wake, ndipo lilembedwe poyera lamulo lakuti kugulitsa mapointi mwa njira iliyonse, dzina lililonse limene angaipatse, kuyenera kudutsa pa voti imeneyo. Chachiwiri, mtengo wa umembala uganizire matumba a mayiko, monga amachitira kale makampani ena a masewera ndi a mafilimu, ndipo khomo la bond lisapanikizidwe. Chachitatu, munthu amene wasewera maola mazanamazana popanda kulipira amvedwe nawo pa zinthu zokhudza dera limene amakhalamo. Iye ndiye amadzaza misewu ya Lumbridge ndi Varrock, ndipo mlendo watsopano akalowa n'kupeza mzinda uli ndi anthu, amakhala chifukwa cha iyeyo.

Mu sutikesi ya bambo anga muli mpukutu wa mapepala a 2008, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ku Victoria Falls anyamata amagulitsa mapepala otere kwa alendo, ndipo la 100 thililiyoni limagulidwa lero ndi madola enieni, kuposa chimene linagulapo lili moyo. Umo ndi mmene chinthu chakufa chimapezera msika: chimasanduka chikumbutso. Gemu ya zaka 25 ikhoza kudyetsa eni ake mwa njira yomweyo kwa zaka zingapo, kugulitsa ubwana kwa anthu a zaka makumi atatu ngati ine. Kapena ikhoza kukhalanso malo amene mwana wa Fomu 3, wa foni yosweka galasi, angayambe lero ndi nkhwangwa ya mkuwa, n'kukhulupirira kuti nambala yake idzanenabe zoona akadzakula.

Tsiku lina, magetsi akalola, ndidzalowa ndi dzina langa lakale, ndipite ku Draynor, ndidule msondodzi umodzi. Luso langa lodula mitengo linaima pa 81 chaka chimene ndinapita ku yunivesite. Ngati ndidzapitirize kapena ayi, zidalira yankho la funso limene bambo anga anaphunzira kufunsa mochedwa.